Mango a ku Chipata akufuna macheka Nc'wala isanafike

Mwezi wa Disembala ukafika, Chipata yense amanunkhira mango. Ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika mpaka m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe ndi wa ku Chadiza, ana amalawirira ndi mabeseni kukatola amene agwa usiku. Dzuwa likakwera amayamba kugenda ndi miyala ndi zibonga, ena amagwedeza ndi nsungwi yaitali, olimba mtima n'kukwera mpaka kunsonga kumene nthambi imawerama ndi kulemera kwa mwana. Ku Saturday Market milu ya mango imandandalika pansi, ndipo pofika masana wogulitsa amakhala akuika mbasela yochuluka kuposa mulu weniweniwo, kuopa kubwerera nawo kunyumba.

Amene sanafike kumsika amatsala pansi pa mtengo: ena ophulika pogwa, ena akuda mawanga, ena osalala kunja koma ukawabenthula mphutsi zili nyakanyaka. Nkhumba ndi mbuzi zimadya mpaka kutopa nawo. Pofika Febuluwale zonse zatha, ndipo banja lomwe dzana linali kuponda mango pakhomo layamba kugula zipatso zochokera kutali.

Munthu akaima pansi pa umodzi mwa mitengo imeneyi n'kukweza maso, gwero la vutoli amaliona. Mkati muli mdima. Nthambi zapingasana, zina zauma, zina zikukhulana mpaka kusupuka makungwa. Masamba abiriwiri ndi zipatso zili kunja kokha, pamwamba penipeni, mamita 15 kuchokera pansi kapena kuposerapo, kumene dzanja silifika. Yambiri mwa mitengo imeneyi chimerere sinalaweko macheka.

Mtengo wa agogo

Mango kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nako, kumene akhala akulimidwa kwa zaka masauzande. Mpaka lero India yekha amakolola pafupifupi magawo anayi mwa khumi a mango onse a padziko lapansi. Ku gombe la kum'mawa kwa Africa anafika ndi amalonda a panyanja, ndipo kumtunda kuno anatsata njira za amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800. N'chifukwa chake ku Nkhotakota ndi ku Ujiji kuli zimitengo zakale kwambiri. Pamene atsamunda ankamanga Fort Jameson, Chipata wa lero, mu 1899, itangotha nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni, mtengowu unali utayamba kale ulendo wake wolowa m'midzi.

Kufala kwake sikunafune mlangizi. Mwana akadya mango n'kutaya njere kuseri kwa nyumba, mvula ikagwa mbande yamera. Njere ya mango amakolo kawirikawiri imatulutsa mbande zingapo, ndipo zambiri mwa izo zimatengera make ndendende. Mtengo wotero umakula wokha, wopanda feteleza, wopanda wothirira, n'kukhala zaka zoposa za mwini wake. Mudzi ukasamuka, bwinja limadziwika ndi mango.

Pansi pake m'pamene amayi amatonola chimanga ndi kusenda mtedza, umene kuno amati nshawa. M'pamene anyakwawa amaweruza milandu, wokonza njinga amayala zida zake, ndi anamalira amakhala pa maliro. Mtengo wotere uli ndi mwini wake ngakhale mwiniyo anagona kale. Kwa Achewa, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi, mkamwini sangangodzuka n'kutenga nkhwangwa kukagwetsa nthambi za mtengo umene anabzala apongozi. Palinso mantha a njala. M'chaka chovuta, monga cha 2024 chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chake ndi tsoka la dziko lonse, mango aawisi ophika ndiwo amagoneka ana m'mabanja ambiri mu Novembala ndi Disembala. Amene anadyapo mango ophika saona chanzeru pa kudula nthambi yobereka.

Choncho mtengo umakhudzidwa pokhapokha nthambi ikayamba kukhula malata kapena kuyandikira mawaya a magetsi a ZESCO. Zikatero imagwetsedwa ndi nkhwangwa, mwezi uliwonse, n'kusiya chitsa chong'ambika chimene chimawola pang'onopang'ono mpaka kulowa m'thunthu.

Manja a kuno ntchitoyi amaidziwa kale

Mlimi yemweyo amene amaopa kukhudza mango ndi katswiri wodula mbewu zina. Dera la Chipata lalima fodya kuyambira masiku a Fort Jameson, ndipo palibe mlimi wa fodya amene amafunsa chifukwa chothenera. Akathyola nsonga ya maluwa, mphamvu imapita kumasamba. Pakapita masiku ochepa mphukira zimatuluka m'khwapa mwa tsamba lililonse, iye n'kubwerera kudzazichotsa. Wa matimati kudimba amachita chimodzimodzi.

Ku Msekera, pa malo ofufuzira zaulimi amene ali kunja pang'ono kwa tauni, akatswiri a bungwe la ICRAF motsogozedwa ndi Dr Freddie Kwesiga anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka, monga jerejere ndi gliricidia. Gliricidia amapindulitsa akamadulidwa. Mlimi amamudula pafupi ndi pansi kawiri kapena katatu pachaka, masamba n'kuwakwirira m'munda, chitsa n'kuphukanso. Bungwe la COMACO, lomwe lili ndi fakitale ku Chipata, lafikitsa mtengowu kwa alimi masauzande ambiri m'chigawo cha Kum'mawa. Zoti mtengo wodulidwa bwino umabwerera ndi mphamvu, kuno aziona ndi maso.

Chimene mlimi wa fodya amachidziwa ndi zala, asayansi awiri, Kenneth Thimann ndi Folke Skoog, anachifotokoza mu 1933 ku California atayesa pa mtundu wina wa nyemba. Anapeza kuti nsonga ya nthambi imapanga timadzi totchedwa auxin, timene timatsikira m'munsi n'kumagoneka maso onse a m'mbali. Nsonga ikachoka, masowo amadzuka, ndipo pamene panali nthambi imodzi pamatuluka zitatu kapena zinayi.

Pa mango zimenezi n'zazikulu, pakuti mango amabereka kunsonga. Ngala ya maluwa imatuluka pamapeto penipeni pa kanthambi kokhwima kamene kakuona dzuwa. Ngala imodzi imanyamula timaluwa mazana ambiri, nthawi zina masauzande, koma zipatso zimene zimafika pokhwima pa ngalayo ndi chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Mtengo wa nsonga zambiri zowalidwa ndi dzuwa ndiwo umabereka kwambiri, ngakhale ukhale wamfupi. Chimtengo chachitali chimathera chakudya chake pa thunthu ndi pa nthambi za mumdima zimene sizidzaberekanso. Ntchito yonse ya kudulira, imene ena amati kusadza ndipo ena amati kutengulira, ndi kuchulukitsa nsonga ndi kuzibweretsa pafupi ndi dzanja.

Nthawi ya mtengo ndi nthawi ya mlimi

Ku Chipata mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi ndiko kumadzutsa maluwa a mango, ndipo pofika Ogasiti, anthu akamapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, mitengo imakhala itavala ngala mbali zonse, ntchentche ndi njuchi zikuzungulira. Koma kuzizirako kumagwira kanthambi kokhako kamene kakhwima n'kupuma miyezi ingapo. Kanthete kongophuka kumene kamangotulutsa masamba ena.

Wofuna kudziwa tsiku lodulira awerenge chobwerera m'mbuyo. Kuti kanthambi kachite maluwa mu Julayi kapena Ogasiti, kayenera kuphuka mvula isanathe. Nthawi yake, tsono, ndi pamene mango otsiriza angochoka mumtengo, mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale. Nthaka imakhala ndi chinyezi, kunja kuli kotentha, ndipo pakangopita masabata ochepa masamba ofiirira amatuluka pa bala lililonse. Masambawo amakhwima mu Epulo ndi Meyi, n'kukumana ndi chisanu ali okonzeka. Chikumbutso chosavuta ndi mwambo wa ku Mtenguleni: Nc'wala imachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndipo pofika tsikulo macheka akhale atabwerera m'nyumba. Mitundu yochedwa kupsa monga Kent ndi Keitt imadulidwa pang'ono chabe, pomwepo ikangokololedwa.

Apa m'pamene nthawi ya mtengo imasemphana ndi ya mlimi. Januwale ndi mwezi wa khasu. Munthu akupalira, akubandira, akuthira feteleza wobereketsa, wina wayamba kuthyola fodya, ndipo za mango opanda zipatso palibe amene amaziganiza. Mpata umapezeka mu Julayi ndi Ogasiti, chimanga chitalowa m'nkhokwe, pamene anthu akuumba njerwa ndi kufuna nkhuni zowotchera uvuni. Nthambi ya mango ikagwa mwezi umenewo imagwa ndi maluwa ake, zotsalazo n'kuthamangira kuphuka masamba. Disembala akafika mtengo uli gwa, mwini wake amatsimikiza kuti kudulira kumalepheretsa mango kubereka, chikhalirecho cholakwika unali mwezi. M'chilimwe chololedwa kuchotsa ndi nthambi zouma basi.

Kudulira m'dzinja kuli ndi vuto lake, chifukwa bala lonyowa limaitana matenda. Ntchitoyi imafuna tsiku la dzuwa, masamba atauma. Amene angathe amapopera masamba atsopanowo mankhwala a copper oxychloride, omwe aja alimi a matimati amawadziwa kale.

Kamtengo ka m'chubu

Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo pa mango mawuwa alibe chining'a. Masiku ano anazale amagulitsa mbande zomezanitsa za Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, mitundu imene inasankhidwa ku Florida m'dziko la America. Mbande yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene ya njere imatha kudikiritsa zaka zisanu ndi chimodzi ngakhale kuposerapo. Nyengo yobzala mitengo m'Zambia imatsegulidwa m'dzinja chaka chilichonse, ndipo mbande zambiri zimalowa m'nthaka. Zochepa ndi zimene wina amabwerera kudzaziumba.

Ntchito yoyamba ili pa mfundo yomezanitsira. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa mfundoyo ndi ya tsinde lamakolo. Ikasiyidwa imakula mwamphamvu kuposa ya pamwamba, n'kuilanda chakudya mpaka kuipha. Imathyoledwa ndi zala ikadali yanthete. Maluwa a zaka ziwiri zoyambirira nawonso amachotsedwa, ngakhale mtima uwawe, kuti kamtengo kayambe kamanga thupi.

Kamtengo kakafika m'chiuno mwa munthu wamkulu kamadulidwa pakati pa bondo ndi chiuno, pafupifupi masentimita 60 mpaka 80 kuchokera pansi. Wodula ayang'ane pamene masamba aunjikana mozungulira ngati nkhata. Akadula pamwamba pa nkhatayo, nthambi zonse zimatulukira malo amodzi, ndipo mphanda yotero imang'ambika ndi mphepo mtengo ukadzalemedwa. Akadula m'munsi mwake, nthambi zimatuluka motalikirana. Mwa zimene zaphuka amasankha zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, zina zonse n'kuchotsa. Zosankhidwazo zikatalika ngati mkono, masamba ake atada bwino, nazonso amazidula nsonga n'kusiyapo mphukira ziwiri kapena zitatu. Nthambi imodzi yabala zitatu, zitatu zabala zisanu ndi zinayi, ndipo kudula kwachitatu kumapereka nsonga 27. Pakutha zaka ziwiri kapena zitatu mtengo umakhala wotambalala ngati lichero, wa nsonga zambirimbiri, ndipo chotsala ndi kuuletsa chaka ndi chaka kuti usapitirire mamita anayi.

Mtengo wamfupi umasinthanso masamu a munda. Mango osadulira amafuna mamita khumi mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala. Ku India alimi ena amabzala pa mamita atatu ndi awiri, mitengo yoposa 1,600 pa hekitala, n'kumaidulira chaka chilichonse ndi kuithirira ndi mapaipi odontheza. Ku Hoedspruit m'chigawo cha Limpopo ku South Africa mizere ya mango imametedwa ndi makina ngati mpanda wa maluwa. Mlimi wa ku Kasenengwa kapena ku Chipangali alibe madzi ndi makina otero, koma mfundo yake ndi yomweyo, ndipo pa mitengo khumi macheka a pamanja amakwanira.

Chimtengo chakale

Mtengo wa zaka makumi anayi sukonzedwa tsiku limodzi. Chaka choyamba amayamba ndi zimene palibe angakane: nthambi zouma, zodwala, zothyoka, zokhulana, ndi zomera zija zimene mbalame zimabzala pa nthambi n'kumayamwa madzi a mtengo. Kenako zolendewera pansi, chifukwa chipatso chokhudza dothi chimawola msanga. Pomaliza amatsegula zenera pakati, pochotsa nthambi imodzi kapena ziwiri zazikulu zoloza kumwamba, kuyambira pamene zinamerera. Masamba onse ochotsedwa asapose gawo limodzi mwa magawo anayi. Muyeso wake uli pansi. Masana dzuwa lili pamutu, mthunzi uzioneka wa mawangamawanga ngati nthenga za nkhanga. Ukakhala bii, mtengo ukadali wothithikana. Dzuwa likamawomba thunthu lonse, wodula wapitirira.

Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Koyamba amacheka chakunsi, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa thunthu, mpaka gawo limodzi mwa atatu a kunenepa kwake. Kachiwiri amacheka chapamwamba, patsogolo pang'ono, mpaka nthambi igwe. Chifukwa cha kucheka koyamba kuja, nthambiyo siisenda khungwa la thunthu pogwa. Kachitatu amachotsa chitsa chotsalacho.

Pa kucheka kwachitatu m'pamene ambiri amalakwitsa. Pamene nthambi imakumana ndi thunthu pamakhala kamkombero kotupa ngati mkanda. Alex Shigo, katswiri wa nkhalango wa boma la America amene anang'amba mitengo masauzande kuti aone mmene kuwola kumayendera mkati mwake, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kuti mtengo umatsekera matenda pa mkombero umenewu. Wocheka molambalala ndi thunthu amauchotsa, bala n'kukhala lalikulu ndi lochedwa kupola. Wosiya chitsa chachitali amasiyira chiswe ndi kuwola khomo. Macheka adutse kunja kwenikweni kwa mkomberowo, mopendekeka kuti madzi a mvula asaime. Shigo anapezanso kuti utoto wopaka pa bala suletsa kuwola. Oilo wakale wa galimoto, amene ena amapaka, amangowotcha khungwa. Chofunika kupakidwa ndi khungwa la nthambi zimene zinazolowera mthunzi ndipo tsopano zili padzuwa. Laimu kapena utoto woyera wosungunula ndi madzi umaziteteza kuti zisapse ndi kung'aluka mu Okutobala.

Macheka amaposa chikwanje chifukwa amasiya bala losalala. Amene ali ndi chikwanje chokha achinole bwino ndipo ateme chokweza. Pochoka pa mtengo wina kupita pa unzake chida chipukutidwe ndi Jik kapena spiriti, kuti chisanyamule matenda. Utomoni wa mango umawotcha khungu ndi maso. Wokwera akhale ndi mnzake pansi, ana atalikire, ndipo nthambi yoyandikana ndi mawaya a magetsi isiyiridwe a ZESCO.

Mtengo umene watalika mopitirira ungathe kufupikitsidwa kotheratu, podula nthambi zake zazikulu mamita awiri kuchokera pansi. Umaphukanso, koma umadumpha chaka chimodzi kapena ziwiri osabereka. Banja lodalira mango lingachite mbali imodzi chaka chino, ina chaka chamawa, kapena mtengo umodzi pachaka. Pa mphukira zotuluka pa zitsazo m'pamenenso mlimi angamezanitse mtundu wamakono, n'kupeza mango a Kent pa mizu ya agogo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Njira imeneyi kampani ya Malawi Mangoes yaigwiritsa ntchito pa mitengo ya alimi ang'onoang'ono ku Salima, kutsidya kwa chipata cha Mwami. Mtengo wa pabwalo uja, wa milandu ndi maliro, ungasiyidwe ndi mthunzi wake. Ofunika kufupikitsa ndi a kuseri kwa nyumba ndi a kumunda.

Ntchentche, mawanga ndi nkhungu yoyera

Mphutsi za m'mango zimachokera kwa ntchentche ya zipatso. Yoopsa kwambiri, Bactrocera dorsalis, inachokera ku Asia. Inaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003, ndipo m'zaka zochepa inali itafika m'Zambia ndi maiko oyandikana nawo. Yaikazi imaboola khungu la chipatso n'kuikira mazira. Mphutsi zimadya mkati, chipatso chimagwa, mphutsi zimalowa m'nthaka, ndipo pakatha masiku ochepa zimatuluka zili ntchentche. M'nyengo yotentha m'badwo umodzi umatenga pafupifupi mwezi. Mulu wa mango owola pansi pa mtengo ndiwo nazale wake. Dziko la Kenya linadziletsa lokha kutumiza mango ku Ulaya kuyambira 2014 mpaka 2021 chifukwa cha kachilombo kameneka.

Bungwe la icipe la ku Nairobi, limene lagwirapo ntchito ndi ZARI, bungwe lofufuza zaulimi la Zambia, pa vutoli, limalimbikitsa misampha yokopa ntchentche zazimuna, nyambo yopopera pa masamba, ndi kutola zipatso zakugwa n'kuzikwirira m'dzenje lozama theka la mita kapena kuzimanga m'thumba lakuda la pulasitiki n'kuliika padzuwa. Zonsezi zimatheka pa mtengo umene munthu angaufikire. Pampu ya pamsana siponya mankhwala mamita 15, ndipo mango othyoledwa ndi dzanja asanapsetse amathawa ntchentche ndi mwala womwe.

Mawanga akuda amabwera ndi matenda a anthracnose, amene amakonda chinyezi ndipo amabisala m'tinthambi touma. Maluwa akamayera ngati awazidwa ufa n'kuyoyoka mu Ogasiti, imeneyo ndi nkhungu yoyera. Mtengo wolowa mphepo ndi dzuwa umauma msanga mvula kapena mame akatha, ndipo matenda onse awiri amachepa mphamvu. Zodulidwa zodwala zichotsedwe pansi pa mtengo n'kutenthedwa. Kumene kuli nyerere zofiira zomanga zisa ndi masamba, wodulira asazithamangitse ngakhale zimaluma. Kafukufuku wa ku Benin anaonetsa kuti mitengo yokhala ndi nyererezi ntchentche siziiwononga kwambiri.

Mtengo uliwonse ndi mpeni wake

Lamulo la mango silikwana pa zipatso zonse. Malalanje ndi manachesi safuna kudulidwa kwambiri, koma ali ndi mdani mmodzi. Ambiri amamezanitsidwa pa tsinde la mandimu, ndipo mphukira yaminga yotuluka m'munsi mwa mfundo ikasiyidwa imalanda mtengo wonse. Mwini wake amadzadandaula kuti lalanje lake lasanduka ndimu, kapena kuti wa nazale anamunamiza. Kupatula mphukirazo, chochotsa ndi nthambi zouma, zokhudza pansi, ndi zija zoongoka zothamangira kumwamba pakati pa mtengo.

Gwafa amabereka pa nthambi zatsopano, choncho amapirira mpeni wolimba, ndipo zipatso zimapsa patatha miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri chidulireni. Mapeyala, amene m'Zambia amati kotapela, amafuna dzanja lofatsa chifukwa khungwa lake limapsa msanga ndi dzuwa. Papaya sadulira, amangochotsa masamba okalamba. Pa phando la nthochi pasiyidwe zitatu, mayi wobereka, mwana ndi mdzukulu, ana ena onse n'kuzulidwa, apo ayi mikoko imachepa chaka ndi chaka. Mapichesi a kumapiri monga ku Dedza amatsata nthawi yosiyana ndi mango, pakuti iwo amadulidwa m'chisanu masamba atayoyoka.

Ngakhale masuku a m'tchire alowa m'nkhaniyi. Akatswiri a ICRAF ku Msekera ndi ku Makoka ku Zomba anayesa kuwamezanitsa, n'kupeza kuti angabereke pakatha zaka zochepa, pamene a njere amadikiritsa zaka khumi kapena kuposerapo.

Wogula amafuna othyola

Chipata, amene anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ali pa msewu wa Great East, makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka, ndipo Lilongwe ali pafupi kwambiri kuposa pamenepo. Alendo opita ku South Luangwa amadutsa pomwepa. Wogula wa sitolo yaikulu, wa hotela, kapena woumitsa zipatso monga COMACO, imene imagulitsa mango ouma pa dzina la It's Wild!, amafuna chinthu chimodzi: mango othyoledwa ndi dzanja, opanda bala, opanda mphutsi. Ogendedwa ndi mwala amapsa ndi chilonda mkati ndipo ulendo wa ku Lusaka saupirira. Pakhomo pomwe phindu lilipo. Mango akupsa ali ndi vitamini A wambiri, yemwe boma la Zambia linalamula mu 1998 kuti aziikidwa mu shuga chifukwa cha kuchepa kwake m'matupi a ana. Mango abwino owaza n'kuyanika amafikitsa vitaminiyu m'miyezi imene mitengo ili yopanda kanthu.

Kudulira kokha sikuthetsa mavuto onse. Mtengo umafunanso manyowa ukadulidwa, udzu wophimbira pansi pake, ndi chitetezo ku moto wa m'chilimwe ndi mbuzi. Msika wa Disembala udzadzazabe, ndipo mitundu ina idzapitiriza kubereka kwambiri chaka china n'kupuma chinzake, ngakhale kudulira kumachepetsa kusiyanako. Koma pa zonse zimene mlimi wa mango angachite, iyi ndiyo ntchito yosafuna ngongole, kuponi kapena thalakitala. Macheka amodzi angazungulire mudzi wonse, ndipo alangizi a zaulimi a m'makampu ndi a ku Msekera angaonetse podula.

Banja limene lili ndi mitengo isanu lingasankhe umodzi wa kuseri kwa nyumba, akulu a pakhomo atavomereza, n'kuudulira pa tsiku la dzuwa mu Januwale, inayo n'kuisiya mmene ilili. Mu Disembala wotsatira ndi winayo, ana awerenge mabeseni a mango abwino ochokera mumtengo umenewo ndi ochokera mu unzake woyandikana nawo, kenako banjalo ligamule lokha za mitengo inayi yotsalayo.